Tebulo la zotsatira za mayeso likubalalika mu Word: ndichite chiyani?

Mphunzitsi wina watilembera motere: "Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera m'boma la Mchinji, ndipo chaka chino ndine woyang'anira kalasi ya Fomu 3. Muli ana 86. Fayilo ya zotsatira za mayeso ndinachita kulandira kwa mnzanga amene anasamutsidwa, ine n'kungofufuta mayina akale n'kulemba atsopano. Koma tebulo lakelo landisowetsa mtendere. Mitu ya maphunziro imangooneka patsamba loyamba, ndiye ndinailembanso ndekha patsamba lachiwiri ndi lachitatu. Nditawonjezera mwana mmodzi amene ndinamuiwala, mitu ija inatsikira pakati pa mayina. Kolamu yomaliza ikutuluka kunja kwa pepala, mayina aatali akuduka, ndipo kumapeto kuli tsamba lopanda kanthu lomwe likukana kufufutika. Nditapita kukapulinta pa boma, zinatuluka zosiyana ndi zomwe ndinkaona pa laputopu yanga, ndalama zanga n'kupita pachabe. Kodi ndi vayirasi, kapena Word wanga ndi wakale? Ahedi akulifuna pepalali Lachisanu."

Aphunzitsi, khazikani mtima pansi. Pa zonse mwafotokozazi palibe chimene chikuonetsa kuti laputopu yanu yalowa vayirasi, ndipo simukufunika kusaka Word wina. Mabatani amene nditchule pano alipo kuyambira mu Word 2007 mpaka amene akutuluka masiku ano, kungoti mayina ena anasinthako pang'ono. Ndakhala ndikutaipa komanso kuphunzitsa anthu kompyuta kwa zaka zambiri, ndipo madandaulo ngati anuwa amandipeza kumapeto kwa teremu iliyonse, makamaka kuchokera kwa munthu amene wachita kulandira fayilo ya mnzake. Safunsa anadya phula. Inu mwachita bwino kufunsa Lachisanu lisanakwane.

Mavuto onsewa gwero lake ndi limodzi. Ambirife tinaphunzira kujambula tebulo ndi rula ndi bolopeni m'kaundula wa kalasi, ndipo dzanja linazolowera: ukafuna kuti dzina litsike umalitsitsa, ukafuna kuti nambala ikhale pakati umaikankhira pakati. Tikafika pa kompyuta timachitanso zomwezo. Timakankha mawu ndi batani la sipesi, timatsitsa mzere ndi Enter, ndipo tsiku limenelo zimaoneka bwino ndithu. Koma Word sasunga chithunzi cha tsamba. Iye amasunga malamulo, ndipo nthawi iliyonse mukatsegula fayilo amaliyala tsambalo mwatsopano potengera malamulowo, kukula kwa pepala, ndi zilembo zomwe zili pa kompyuta imeneyo. Chimene munakankha ndi dzanja chimasuntha mukangowonjezera dzina limodzi. Chimene munamuuza ngati lamulo chimakhala pomwepo ngakhale ana atakwana 200. Ndiye ntchito yathu lero ndi yochotsa zokankha pamanja n'kuikapo malamulo.

Musanakhudze chilichonse, pitani pa File, musankhe Save As, muipatse fayilo dzina lina. Muzigwira ntchito pa yatsopanoyo, yakaleyo ikhale pambali. Mukalakwitsa kanthu, Ctrl ndi Z zimakubwezerani m'mbuyo, koma magetsi akazima muli pakati pa ntchito, fayilo yakale ija ndi imene ingakupulumutseni.

Kenako dinani Ctrl, Shift ndi 8 pamodzi, kapena kachizindikiro ka ¶ komwe kali pa Home. Tsamba lanu lidzaoneka ngati mwawazapo mchenga, koma musachite mantha, zimenezi sizituluka pa pulinta. Kadontho kalikonse pakati pa mawu ndi sipesi imodzi. Kamuvi ndi Tab. Chizindikiro cha ¶ ndi pomwe munthu anadina Enter. Apa m'pamene mudzaone zimene mnzanu uja anasiya ndi zimene inu munawonjezera: timadontho khumi kutsogolo kwa nambala, ma Enter atatu pansi pa dzina, mwina ndi mzere wolembedwa kuti Page Break. Ine ndikamakonza tebulo la munthu sindiyamba ndisanayatse zizindikirozi, chifukwa kukonza popanda izo kuli ngati kusoka chovala mumdima. Ma Enter opanda ntchito omwe ali m'timabokosi afufuteni. Za masipesi, dinani Ctrl ndi H, m'bokosi la Find what mulembe masipesi awiri, m'bokosi la Replace with mulembe imodzi, ndipo mudine Replace All mobwerezabwereza mpaka Word anene kuti wasintha 0. Imodziimodzi imene yatsalira kutsogolo kwa manambala muichotse pamanja.

Tibwere pa nkhani ya mitu, imene ndikuona kuti ndiyo yakupwetekani kwambiri. Mizere ya mitu imene munalemba nokha patsamba lachiwiri ndi lachitatu ichotseni yonse. Kwa Word, mizere imeneyo ndi ana awiri owonjezera pa mndandanda, ndiye n'chifukwa chake inatsika limodzi ndi anzake mutalowetsa mwana munamuiwala uja. Pochotsa samalani chinthu chimodzi: batani la Delete limangofufuta mawu, mzere umatsala wopanda kanthu. Kuti mzere wonse uchoke, dinani mkati mwake ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Delete Cells, kenako Delete entire row.

Mukatero dinani mkati mwa mzere woyamba weniweni, uja wa "Dzina, Chichewa, Chingerezi, Masamu". Yang'anani pamwamba pa sikirini. Mudzaona kuti mawu oti Layout alipo pawiri, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amasokera. Layout wa tebulo ndi amene ali chakumanja, pafupi ndi Table Design kapena Design, ndipo amangooneka mukakhala kuti mwadina mkati mwa tebulo. Mu Word watsopano kwambiri analembapo kuti Table Layout. Pamenepo pali batani lotchedwa Repeat Header Rows. Lidineni kamodzi. Kuyambira pamenepo mitu idzaoneka yokha pamwamba pa tsamba lililonse limene tebulo lafikapo, ndipo mukasintha liwu limodzi pa mzere woyamba, masamba onse asintha. Ngati mitu yanu yatenga mizere iwiri, sankhani yonse iwiri musanadine, kuyambira woyambirira.

Nthawi zina munthu amadina batanili koma osaona kusintha kulikonse, ndipo zifukwa zake ndimazidziwa bwino. Choyamba, mwina tebulo lanu si limodzi. Mayi wina amene amalemba za zopereka pa mpingo wake anandibweretsera tebulo la masamba atatu lomwe linakana kubwereza mitu. Titayatsa zizindikiro zija tinapeza kuti anali matebulo atatu osiyana, ogundizana, olekanitsidwa ndi Page Break. Kuti mudziwe ngati lanu lili choncho, ikani mausi pa tebulo, mudine kachizindikiro ka mivi inayi komwe kamatulukira pakona yakumanzere pamwamba, kenako mutsike muone ngati mayina onse 86 asankhidwa. Ngati kusankhako kwathera panjira, fufutani chilichonse chomwe chili pakati pa zidutswazo, kaya ndi ¶ kaya ndi Page Break, ndipo zilumikizana. Chifukwa chachiwiri ndi chobisika kwambiri. Munthu akagwira kachizindikiro ka mivi inayi kaja n'kulikoka tebulo ndi mausi, Word amaliyesa chinthu choyandama chomwe mawu ayenera kuchizungulira, ndipo tebulo loyandama silibwereza mitu bwino. Dinani kumanja mkati mwa tebulo, musankhe Table Properties, ndipo pa Table, pansi pa Text wrapping, musankhe None m'malo mwa Around. Ichi chokha chimachiza matenda ambiri, kuphatikizapo tebulo lodumphira tsamba lina n'kusiya mpata waukulu pamwamba. Kumbukiraninso kuti mitu yobwerezedwayi imaoneka mukakhala pa Print Layout; pa Draft kapena Web Layout simuiona ngakhale ilipo.

Muli pa Table Properties pomwepo, tithane ndi mayina oduka. Sankhani tebulo lonse ndi kachizindikiro kaja, mutsegulenso Table Properties, mupite pa Row. Ndikukhulupirira kuti mupeza Specify height itachongedwa, ndipo pambali pake palembedwa Exactly. Mawu amenewa akuuza Word kuti mzere usakule zivute zitani, ndiye dzina lalitali likapindikira mzere wachiwiri, theka lake limabisika. Sinthani kuti pakhale At least, kapena chotsani chongacho. Mwana wa mayina atatu adzapeza malo ake.

Pansi pake pali kabokosi kolembedwa kuti Allow row to break across pages. Pa tebulo ngati lanu kachotseni chonga, kuti dzina la mwana lisakhale pansi pa tsamba loyamba pomwe ndemanga yake yagwera pa lachiwiri. Koma langizo limeneli musalitengere pa tebulo lililonse. Pa sikimu ya ntchito, pomwe kabokosi kamodzi kamatha kudzaza theka la tsamba, mukaletsa mzere kuduka mudzapeza mipata ikuluikulu yopanda kanthu, chifukwa Word adzanyamula mzere wonse kupita nawo tsamba lotsatira. Mizere ifupiifupi musaidule; italiitali muilole.

Tsopano kolamu yotuluka kunja kwa pepala ija. Apa tiyambe ndi pepala lenilenilo. Pitani pa Layout winayo, wa tsamba, amene mu Word wakale amatchedwa Page Layout, mudine Size. Makompyuta ambiri amene timagula kuno amabwera atatcheredwa pa Letter, pepala la ku America, lomwe ndi masentimita 21.59 m'lifupi ndi 27.94 m'litali. Mapepala amene timagula m'mashopu mwathu ndi A4, masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali. Kusiyanako kumaoneka kochepa, koma n'kokwanira kusintha pomwe tsamba likuthera komanso kudya m'mphepete mwa tebulo. Sankhani A4.

Ndiye tiwerengere limodzi. Word akasiya masentimita 2.54 mbali iliyonse monga amachitira mwa chizolowezi, pa A4 pamatsala pafupifupi masentimita 15.9 olembapo. Tinene kuti muli ndi kolamu ya nambala, ya dzina, maphunziro asanu ndi atatu, ya malikisi onse pamodzi, ndi ya ndemanga. Nambala itenge sentimita imodzi, dzina litenge 4.5. Zotsala ndi 10.4, zoti zigawidwe m'makolamu khumi. Simungakwanitse popanda kufinya zilembo mpaka kholo kulephera kuwerenga. Ichi si chilema cha Word, malo ndi amene achepa. Njira yabwino ndi kugoneka pepala: pa Layout wa tsamba, Orientation, Landscape. Pamenepo malo olembapo amafika pafupifupi masentimita 24.6, ndipo ndemanga imapeza mpata. Ngati fayilo yanu ili ndi kalata kapena lipoti kutsogolo kwa tebulo ndipo simukufuna kuti masamba amenewo agone, sankhani tebulo lokha limodzi ndi mutu wake, mutsegule bokosi la Page Setup podina kamuvi kakang'ono ka pakona, musankhe Landscape, ndipo pansi pomwe palembedwa Apply to musankhe Selected text. Word adzaika yekha malire otchedwa Section Break kutsogolo ndi kumbuyo. Malire amenewo musawafufute, chifukwa ndi amene akusunga lamulo loti tsamba ili ligone, ilo liime.

Pepala likakhala bwino, bwererani mu tebulo, pa Layout wa tebulo, mudine AutoFit n'kusankha AutoFit Window. Tebulo lonse lidzabwerera mkati mwa malire a tsamba. Kenako kulitsani kolamu ya mayina polemba nambala m'kabokosi ka Width, musankhe makolamu onse a maphunziro pamodzi n'kudina Distribute Columns kuti afanane. Mukakhutira ndi momwe zikuonekera, dinaninso AutoFit, musankhe Fixed Column Width. Anthu ambiri sadziwa za sitepe yomalizayi, ndipo n'chifukwa chake makolamu awo amavina akamataipa. Ngati mitu ngati "Agriculture" kapena "Geography" ndi imene ikukulitsa makolamu, mutha kuiimiritsa ndi batani la Text Direction. Ine ndimakonda kufupikitsa mawuwo m'malo moimiritsa, poti munthu wowerenga masamba atatu amatopa kupendeketsa khosi, koma zonse ziwiri zimagwira ntchito.

Chenjezo limodzi pokoka malire a kolamu ndi mausi: musakoke muli mutasankha kabokosi kamodzi. Mukatero, kabokosi kokhako ndi kamene kamasuntha, ndipo kolamu imakhala yokhota ngati mpanda wogwa ndi mphepo. Ngati zachitika kale, sankhani kolamu yonse n'kulembanso nambala ya Width.

Za maonekedwe sindichulutsa. Mayina akhale kumanzere. Malikisi akhale kumanja kapena pakati, ndipo muchite zimenezi posankha kolamu yonse n'kudina limodzi mwa timabatani tisanu ndi tinayi ta Alignment, osati ndi sipesi. Ine ndimasankha kumanja, kuti 8 akhale pansi pa 8 wa 78 osati pansi pa 7. Diso la munthu wowonkhetsa limathamanga bwino choncho. Ngati mawu akugunda mizere, musadine Enter kuti mupeze mpata. Pitani pa Cell Margins muwonjezere pang'ono pamwamba ndi pansi, monga masentimita 0.05 kapena 0.1. Mitu ikhale ya zilembo zonenepa. Mitundu yakuda bii kumbuyo kwa mitu ipeweni, imamaliza inki ndipo pa fotokope imasanduka chikanga chosawerengeka. Pa kolamu ya manambala a ana, m'malo molemba 1 mpaka 86 pamanja, sankhani timabokosi take n'kudina Numbering pa Home. Mukadzaiwalanso mwana wina, manambala adzakonzeka okha.

Pali nkhani ina imene simunafunse koma sindingakhale chete, chifukwa ndi imene ingalakwire mwana. Ndi ya kuwonkhetsa. Word amatha kuwonkhetsa: pa Layout wa tebulo pali Formula, ndipo mutha kulemba =SUM(C2:J2), kutanthauza timabokosi ta mzere wachiwiri kuyambira kolamu yachitatu mpaka yakhumi, poti makolamu amawerengedwa A, B, C ngakhale zilembozo sizioneka. Koma Word sali ngati Excel. Mukasintha malikisi a mwana, zowonkhetsa sizisintha zokha. Muyenera kusankha kabokosi ka yankho, kapena tebulo lonse, n'kudina F9. Ndinaona ndi maso anga pepala lomwe mphunzitsi anakonza malikisi a Masamu a mtsikana wina kuchoka pa 17 kufika pa 71, koma zowonkhetsa zinatsala zakale. Mtsikanayo anaikidwa kumunsi kwa kalasi, pepala linamatidwa pa bolodi, ndipo zinadziwika bambo ake atabwera ndi pepala la mayeso m'manja. Zinakonzedwa, koma mwanayo anali atalira kale pamaso pa anzake. Kuyambira nthawi imeneyo aliyense amene ndimamuphunzitsa ndimamuuza kuti asanapulinte atenge mayina asanu, awonkhetse ndi kakyuleta, ayerekeze.

Palinso msampha wa timabokosi topanda kanthu. Word akakupatsani yekha =SUM(ABOVE) kapena =SUM(LEFT), kabokosi kopanda nambala kamatha kusokoneza kuwonkhetsako, ndipo anthu amalangizana kuti mungolembamo 0. Pa ndalama zimenezo n'zabwino. Pa mayeso ayi. Mwana amene sanalembe chifukwa anadwala kapena anali pamaliro sanapeze 0, ndipo pepala liyenera kunena zoona. Lembani chizindikiro chimene sukulu yanu inagwirizana cha wosalemba, ndipo mugwiritse ntchito njira ija yotchula timabokosi, ya C2:J2.

Kunena zoona, pa ana 86 ndi maphunziro asanu ndi atatu, malo oyenera malikisi ndi Excel. Kumeneko mumalemba fomula kamodzi n'kuikokera pansi, ndipo imasintha yokha. Mukamaliza mumakopera n'kudzamata mu Word, n'kusankha Use Destination Styles pa timabatani timene timatulukira pomata, kenako n'kuchita zonse tafotokozazi. Sabata ino nthawi yachepa, musayambe kuphunzira pulogalamu yatsopano Lachisanu lili pakhomo. Koma pa holide khalani nayo masiku awiri, teremu yamawa mudzaona kupepuka kwake.

Ngati ahedi akufuna kuti ana aikidwe motsatana kuyambira woyamba, musawasamutse mmodzimmodzi. Dinani Sort pa Layout wa tebulo, muchonge Header row kuti mitu isasakanikirane ndi mayina, musankhe kolamu ya zowonkhetsa, pa Type muike Number, kenako Descending. Apa mafomula a mtundu wa C2:J2 amafuna kusamala, chifukwa mzere ukasamuka fomula imatchulabe nambala ya mzere wakale, ndipo mukadinanso F9 mwana angalandire malikisi a mnzake. Choncho mukatsimikiza kuti zowonkhetsa zili bwino, sankhani kolamu imeneyo mudine Ctrl, Shift ndi F9 pamodzi kuti zisanduke manambala wamba, kenako muchite Sort. Word akakana n'kunena za merged cells, ndiye kuti penapake wina analumikiza timabokosi; tipezeni n'kutilekanitsa ndi Split Cells. Ichi ndi chifukwa china chimene ndimalangizira kuti dzina la sukulu, kalasi ndi teremu zilembedwe pamwamba pa tebulo ngati mawu wamba, osati mkati mwa mzere wolumikizidwa. Mukafuna kusuntha mzere umodzi wokha, dinani mkati mwake, mugwire Alt ndi Shift, n'kudina muvi wokwera kapena wotsika. Ndipo ana awiri akafanana malikisi, manambala odzilemba okha aja sadziwa kuti onse ndi nambala 4. Kolamu ya malo amene mwana wapeza muilembe nokha.

Tsamba lopanda kanthu lija likukana kufufutika pa chifukwa chosavuta. Word salola kuti fayilo ithere pa tebulo, nthawi zonse pamakhala ¶ mmodzi pansi pake. Tebulo likadzaza tsamba mpaka pansi, ¶ ameneyo amasowa pokhala n'kugwera tsamba lina. Kufufuta sikutheka, koma kuchepetsa kumatheka. Musankheni, m'kabokosi ka kukula kwa zilembo mulembe 1 n'kudina Enter, ndipo pa Paragraph muike Before ndi After pa 0. Akakanabe, chepetsani pang'ono malire a pansi pa tsamba. Mwina kwa inu vutoli litha lokha mukachotsa ma Enter aja, kapena mukaika malo osainira aphunzitsi ndi ahedi pansi pa tebulo.

Za kupulinta pa boma, musapitenso ndi fayilo ya Word. Kompyuta ya kumeneko ili ndi Word wina, mwina ilibe mtundu wa zilembo umene munagwiritsa ntchito, ndiye imaikapo zina zokulirapo, tebulo n'kuyalidwa mwatsopano. Mukamaliza kukonza, dinani Ctrl ndi P muone masamba onse mmodzimmodzi momwe atulukire. Mukakhutira, pitani pa File, Save As, pa mtundu wa fayilo musankhe PDF. Mu Word 2007 njira imeneyi nthawi zina imafuna kachidutswa kowonjezera, ndiye ngati simukuiona pitani ndi laputopu yomweyo. PDF ndiye chithunzi chenicheni cha tsamba, imatuluka chimodzimodzi paliponse, ngakhale mutaitumiza pa WhatsApp. Itseguleni muione musanakwere kabaza. Mukafika, apempheni apulinte tsamba limodzi kaye, muliyang'ane, kenako apitirize. Ndipo popeza pepalali lili ndi mayina ndi malikisi a ana a eni, onetsetsani kuti fayilo yafufutidwa pa kompyuta yawo musanachoke. Fulashi imene mwalowetsa m'kompyuta ya anthu ambiri muiunike ndi pulogalamu yoteteza musanaitsegule kwanu, chifukwa kumeneko ndiye kumene vayirasi munkaiopa ija imachokera.

Ngati kusukulu kwanu kuli makompyuta a LibreOffice, malamulo ndi omwewa: mu Writer mupita pa Table, Properties, Text Flow, ndipo mupeza Repeat heading komanso kabokosi koletsa mzere kuduka. Mu Google Docs mumadina kumanja pa mzere woyamba n'kusankha Pin header row. Pa foni mutha kukonza dzina lolakwika, koma ntchito yoyala tebulo lalikulu musaichitire pamenepo.

Nanga mukachita zonsezi koma tebulo likuvutabe? Mafayilo olandira kwa ena amene adutsa m'manja ambiri nthawi zina amakhala ndi tebulo mkati mwa tebulo linzake, kapena tebulo lili m'bokosi loyandama lotchedwa Text Box. Mukaona tizizindikiro ta mivi inayi tiwiri, kapena malire ena ozungulira tebulo lonse, musalimbane nalo usiku wonse. Sankhani tebulo la mayinalo, mudine Convert to Text n'kusankha Tabs, mukopere mawuwo mu fayilo yatsopano ya A4, kenako pa Insert, Table, musankhe Convert Text to Table. Mudzapeza tebulo loyera, lopanda zotsalira za mnzanu uja, ndipo simunataipenso dzina ngakhale limodzi. Muwerenge mizere kuti mutsimikize kuti ana onse 86 alipo.

Pali nthawi zina zofunika kuitana munthu. Fayilo ikamakana kutseguka kapena Word akamazima yekha mukafika pa tebulo, yesani kamodzi Open and Repair, imene imapezeka pa kamuvi ka pambali pa batani la Open posankha fayilo. Ikakanika, pitani nayo kwa mphunzitsi wa kompyuta kapena wina wodziwa, ndipo musaisevenso pamwamba pa yakale. Mukaona mawu ofiira odulidwa ndi mizere m'mphepete mwa tsamba, ndiye kuti Track Changes ndi yoyaka, ndipo malikisi a ana a chaka chatha akadali mkatimo. Pezani wina akuthandizeni kuzichotsa bwinobwino fayilo isanatumizidwe kwa aliyense. Fomu ikakhala yochokera ku ofesi ya zamaphunziro ndipo anaitseka kuti makolamu asasinthidwe, musaithyole, funsani amene anaitumiza. Ndipo tsiku limene ahedi adzanene kuti mwana aliyense akhale ndi lipoti lakelake, musadzakopere masamba 86 pamanja. Pali njira yotchedwa Mail Merge imene imatenga mayina ndi malikisi pa mndandanda umodzi n'kudzaza malipoti onse, koma imeneyo ndi yofunika kukhala pansi ndi munthu woidziwa ulendo woyamba.

Pa za Lachisanu, yambani ndi Save As, zizindikiro zobisika, A4 ndi kugoneka pepala, kenako mitu ndi kutalika kwa mizere, chifukwa mukayamba ndi makolamu pepala lisanakhazikike mudzabwereza ntchito. Madzulo amodzi akukwanirani. Pakakhala pamene pakukanikani, ndilembereninso mundiuze chaka cha Word wanu ndi zimene zalembedwa pa Table Properties, pa Table ndi pa Row.